Tsabola wa Kambuzi ndi Mkangano wa Pamtondo ku Ntcheu

Aliyense amene adayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Dedza kutsikira ku Balaka, nafika pa msika wa Lizulu, pamene wolunjika kumwera amaona dziko la Mozambique ku dzanja lamanja ndi la Malawi ku dzanja lamanzere, adzakumbukira milu ya mbatata ya kachewere, kabichi, karoti, anyezi ndi matimati imene amayi amathamanga nayo ku mazenera a basi. Koma ndi owerengeka amene amaponya maso pa timilu ta tsabola wa kambuzi toyalidwa pa chiguduli kumapeto kwa mzere, ngakhale kuti pa zonse zogulitsidwa pamenepo palibe china chimene chautsa mikangano m'makhitchini a boma la Ntcheu kuposa kanthu kakang'onoka. Za kulima kwake anthu sakangana, pakuti tsabola savuta. Za mtengo wake amanenerera pang'ono n'kugwirizana. Mkangano umayamba akafika naye kunyumba, kamtondo katatsukidwa, pamene funso limabuka lakuti: kodi n'chiyani choyenera kulowa m'menemo pamodzi ndi tsabolayo, ndipo n'chiyani chosayenera?

Alipo amene amalumbira kuti tsabola weniweni ndi kambuzi ndi mchere basi, ndi kuti china chilichonse n'chibwana cha masiku ano. Alipo ena, makamaka a m'midzi yoyandikana ndi malire, amene saona tsabola ngati watha kukonzedwa pokhapokha atafinyiramo mandimu. Ena amakazinga ndi mafuta, anyezi ndi adyo. Ndipo ana athu obwera ku Lilongwe ndi ku Blantyre afika ndi viniga, karoti, jinja, matimati, ngakhale shuga amene. Chimene chimandidabwitsa ine n'chakuti pafupifupi onsewa, pofuna kutseka pakamwa anzawo, amaitana mboni imodzimodzi, nati umu ndi mmene ankachitira makolo. Tsono n'koyenera kufunsa modekha kuti makolo ake ndi ati, ndipo a chaka chiti, pakuti makolo sadakhale m'nyengo imodzi, ndipo amene adakumba mbewa m'masiku a Kalonga sadadye zimene adadya a m'masiku a Gomani.

Tiyambe ndi tsabola mwini wake. Wowerenga Buku Lopatulika adzapeza mchere m'malo ambiri. Adzapeza ana a Israyeli ali m'chipululu akulirira anyezi ndi adyo za ku Igupto. Adzapeza Esau akugulitsa ukulu wake chifukwa cha mphodza. Koma tsabola wathu wowawayu sadzam'peza kuyambira Genesis kufikira Chivumbulutso, chifukwa m'masiku amenewo mbewuyi inali kutsidya kwa nyanja yaikulu, ku America, kumene anthu a ku Mexico ndi a kumwera kwake adailima zaka zikwi zambiri anthu a ku Africa, ku Asia ndi ku Ulaya asanailawe. Christopher Columbus adafika ku zilumba za kumeneko mu 1492. Vasco da Gama adadutsa m'gombe la Mozambique mu 1498 ali pa ulendo wa ku India. Ndipo pofika zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anali atakhazika misika yawo ku Sena ndi ku Tete, m'mbali mwa Zambezi. Kuchokera ku Tete njira za malonda a minyanga, nsalu, mikanda ndi makasu zinkakwera kulowa m'dziko la Amaravi, ndipo mu 1616 Gaspar Bocarro adayenda ulendo wochokera ku Tete, kudzera m'dziko lomweli, mpaka ku Kilwa. M'zombo za Apwitikizi ndi m'mitolo ya amalonda ndimo mudayenda mbewu za ku America, ndipo tsabola sadabwere yekha: chimanga, chinangwa, mtedza, nyemba, maungu, mbatata, matimati ndi fodya, zonsezi kwawo n'kumodzi. Wonena kuti chakudya cha makolo chisasakanizidwe ndi zachilendo ayambe wachotsa nsima ya chimanga pa mphasa, abwerere ku mapira ndi mawere, ku khobwe, nzama ndi chitowe, pakuti izi ndizo mbewu zakale za dziko lino. Sindinaonepo wolimba mtima wotero.

Tsabola atangoponda m'dziko sadafunenso wom'nyamula, chifukwa Mlengi adam'patsa amithenga akeake. Chimene chimawawa mwa iye, chimene akatswiri amachitcha capsaicin, chimaotcha m'kamwa mwa munthu, mbuzi ndi khoswe, koma mbalame sizichimva konse. Zimameza zipatso zakupsa, n'kukataya njere kutali pamodzi ndi zitosi. Ndiye chifukwa chake kapiripiri, uja wamng'ono wosongoka wofiira, amapezeka atamera yekha kudzala, kuseri kwa khola ndi pansi pa mitengo pamene palibe adafesa. Kambuzi ndi mtundu wina, wobulungira, wa maonekedwe achikasu chopita kukufiira akapsa, mbale wake wa habanero wa ku Mexico. Ukali ali nawo, koma ulemerero wake ndi fungo, limene limadzaza nyumba munthu akangom'phwanya ndi chala. Apa pali kale mbewu ya mkangano, pakuti wosinja kapiripiri akufuna moto, ndipo sataya kanthu akathira zina zonunkhira. Koma wosinja kambuzi ali ndi fungo loti alisunge, ndipo chilichonse chimene awonjezera chikulimbana nalo.

Kadyedwe koyamba, kamene sikanathe mpaka lero m'midzi ya kwa Ganya, kwa Njolomole ndi kwa Mpando, sikankafuna ngakhale mtondo. Bambo ankathyola tsabola mmodzi pobwera kumunda, namuika pambali pa mbale. Akatema mbamu ya nsima n'kusunsa m'ndiwo, ankaluma kachidutswa, ndipo wotsalayo ankam'sunga patsindwi kudikira chakudya cha madzulo. Mchere umene lero tiuyesa chinthu wamba unali chuma chochokera kutali, wogulidwa ndi nkhuku kapena khasu, ndipo amayi ambiri ankadalira chidulo, madzi otcheza m'phulusa, pophika thelere ndi masamba. Motero ngakhale amene amati kambuzi ndi mchere basi akunena za nyengo imene mchere udayamba kupezeka m'sitolo, osati za pachiyambi.

Angoni a kwa Maseko, atayenda ulendo wawo wautali wochokera kumwera, naoloka Zambezi, nakafika mpaka ku Songea m'dziko limene lero ndi Tanzania, adabwerera pansi pa Chidyaonga nakhazikika ku phiri la Domwe cha m'ma 1870. Pambuyo pake padalamulira Chikuse, amene adamwalira mu 1891, kenaka mwana wake Gomani, amene Angerezi adamupha mu October 1896. Anthu amenewa anali a ng'ombe, ndipo ulemu wa chakudya kwa iwo unali pa nyama yootcha, uwende, mkaka wowawasa ndi mowa wa masese, zimene Margaret Read, amene adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, adapeza zikulemekezedwabe. Koma ankhondowo adakwatira akazi a Chichewa ndi a Chintumba amene adawapeza kapena kuwagwira m'njira, ndipo monga ana adayamwa chilankhulo cha amayi awo kufikira Chingoni chidatsala m'nyimbo za ngoma ndi m'mayina a mafuko, momwemonso mafuwa, mphika, nsinjiro ndi kamtondo zidakhala m'manja mwa amayiwo. Ine ndimakhulupirira kuti chikondi cha anthu a ku Ntcheu pa tsabola chidakulira pamenepa, pamene nyama ya abambo idakumana ndi dimba la amayi. Pakuti palibe chakudya chimene chimaitana kambuzi ndi mchere mofuula ngati nthuli yonona yochoka pamakala, kapena nthumbwana, kapena mang'ina ogonera pamoto. Ndipo mwina Angoni anali ndi mwayi umene sankaudziwa dzina: capsaicin sasungunuka m'madzi koma m'mafuta, kotero womwa madzi tsabola atam'lasa amangofalitsa motowo, pamene womwa mkaka amauzimitsa.

Mandimu ndi alendo a njira ina, pakuti kwawo ndi ku Asia, ndipo adafika m'gombe la kum'mawa kwa Africa ndi amalonda a panyanja. M'boma lino mitengo ya zipatso ndi madimba a ndiwo zachizungu zidafala pamodzi ndi mamishoni: Livulezi, imene Askotishi adatsegula mu 1887, Gowa, Dombole, Mlanda, ndi Nzama, kumene ansembe a Montfort adafika mu 1901. Mphepo yozizira ya m'mapiri a Kirk Range idalandira bwino kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere, ndipo zimene zidayamba ngati chakudya cha azungu zidasanduka chuma cha Tsangano ndi Lizulu. Ndimu adabweretsa chinthu chimene mchere wochepa sukadatha, ndicho kusunga. Tsabola wosinjidwa ndi mchere wochepa, akakhala masiku angapo m'nyengo yotentha, makamaka kuchigwa cha Bwanje, ku Sharpevale ndi ku Kasinje, amachita thovu ndi nkhungu. Koma wothiridwa madzi a mandimu okwanira amakhalitsa, chifukwa tizilombo toola zakudya sitikonda zowawasa. Amayi athu sadaphunzire zimenezi m'kalasi, adaziona m'botolo.

Mafuta ndi adyo ndiwo adachedwa koposa, ndipo pa iwo ndi pamene mkangano umatentha. Mafuta a m'ndiwo za makolo anali nsinjiro, ndipo kukazinga kunali kwa paphale, popanda dontho. Amwenye atayamba kutsegula masitolo, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, paboma ndi m'malo ena a malonda, adabwera ndi kaphikidwe kawo ka kale, binzali, adyo ndi achari ya mango. Ndipo anyamata amene ankagwira ntchito ya ukhukhi m'nyumba zawo adabwerera kumudzi akudziwa kuti tsabola wokazingidwa m'mafuta amakoma mwa mtundu wina, ndi kuti mango aawisi, amene ana amangowagenda, angathe kukhala ndiwo ya chaka chonse. N'zoseketsa kuti tsabola wa Amwenyewo nayenso adafika ku India ndi Apwitikizi omwe aja, kotero alendo awiri ochokera khomo limodzi adakumana ku Ntcheu atazungulira dziko lapansi mbali zosiyana. Boma la Kamuzu lidachotsa Amwenye m'malo a kumidzi m'zaka za m'ma 1970, koma achari idatsala. Amuna opita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ndi matchona a ku Harare ndi ku Bulawayo, adabwera ndi lilime lozolowera zina. Mafuta a Covo ndi Kazinga adayamba kupezeka m'magolosale. Ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1970 Alford Nalilo Khoromana adayambitsa tsabola wa m'botolo wa Nali, amene chenjezo lake loti abale asamale lidadziwika m'dziko lonse. Kuyambira pamenepo ana adakula akuganiza kuti tsabola ndi chinthu chamadzimadzi chotsanulidwa, ndipo mayi wosinja pakhomo adayamba kuyesedwa ndi muyeso wa fakitale.

Funde lomaliza lidabwera ndi misozi. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itakula, makamaka kuyambira 1986, anthu pafupifupi miliyoni imodzi adathawira m'Malawi, ndipo Ntcheu, pokhala kuti malire ake ndi Angonia m'malo ambiri ndi msewu chabe, idalandira ochuluka, ambiri a iwo abale a fuko limodzi ndi lilime limodzi. Adakhala nafe kufikira mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992, ndipo ena adakwatira konkuno osabwereranso. Kutsidyako piripiri wa mandimu, adyo ndi mafuta, wopaka nkhuku yootcha, ndi chinthu chozika mizu, ndipo madengu a adyo amene amaoloka msewu pa tsiku la msika amachitira umboni kuti khitchini silidziwa malire amene adalembedwa mu 1891.

Amene akufuna kumva mkanganowu pafupi akhale pakhonde tsiku limene mwana wamkazi wabwera kutauni kudzaona amake. Mayi wamkulu wakhala pamphasa, kamtondo kali pakati pa miyendo. Wachotsa timapesi ta kambuzi, waponyamo mchere wamiyala, ndipo akusinja nkhope atapotolera kumbali kuti mpweya usam'lowe m'maso. Mwanayo watulutsa m'chikwama botolo la viniga, mutu wa adyo ndi matimati awiri.

"Amayi, tathirani izi, muone mmene akomere."

"Iwe Nangozo, kodi tikukonza tsabola kapena tikuphika ndiwo? Matimatiwo pita nawo ku nyemba."

"Koma amayi, masiku ano anthu satero. Paja amati tsabola wakale sawawa."

"Talawa uyu, undiuze ngati sawawa. Wakowo pofika Lachitatu adzakhala atachita thovu, ndipo udzandipeza pompano. Mawu a akulu akoma akagonera, mwanawe."

Amaseka onse awiri, ndipo kawirikawiri mabotolo amatuluka awiri. Koma taonani kuti mayi wamkuluyo, amene akukana viniga ngati chonyansa, watuma kale mdzukulu kukathyola mandimu kuseri kwa nyumba, ndipo sakumbukira kuti agogo ake akadaona ndimuyo ngati chachilendo chimodzimodzi. Munthu aliyense amayesa mwambo wa makolo chimene adachipeza m'khitchini mwa amake ali mwana, ndipo chimene chidafika iye atamera mano achiwiri amachitcha chibwana.

Tisadziyese tokha pa matenda amenewa. Ku Texas, m'dziko la America, kuli chakudya chotchedwa chili con carne, nyama ya ng'ombe yophikidwa nthawi yaitali ndi tsabola wouma, chimene nyumba ya malamulo ya kumeneko idachilengeza mu 1977 kukhala chakudya cha chigawocho. Ndipo kuyambira 1967 ophika amasonkhana ku Terlingua kupikisana. Kumeneko mlandu waukulu ndi nyemba: a ku Texas ambiri amati wothira nyemba mumphikamo wachita chosayenera, ndipo m'mipikisano yawo ya chili weniweni nyemba n'zoletsedwa, pamene a m'zigawo zina amathira nyemba ndi matimati popanda kugunda mtima. Munthu wa ku Ntcheu, kumene nyemba ndi ndiwo yaulemu, angadabwe kumva kuti kuli anthu ozinyoza chotero.

Komabe pali kusiyana kumodzi pakati pa iwo ndi ife, ndipo pamenepa ndi pamene ine ndapeza lamulo lenileni la makolo, limene okangana pamtondo amaliiwala. Iwo amaphika tsabola mumphika momwemo, kuti wakudya aliyense alandire moto wofanana. Ife, kuyambira kale, tsabola timamuika pambali. Chifukwa chake sichili m'lilime koma m'kakhalidwe. Ndiwo za kwathu zinali za mbale imodzi: amuna pabwalo, amayi ndi ana kukhitchini, manja ambiri kusunsa malo amodzi, ndipo m'mbale imeneyo munali gawo la kamwana kongosiya bere, la nkhalamba, la wodwala m'mimba, ndi la mlendo amene palibe adziwa chimene thupi lake limakana. Mkazi wothira tsabola mumphika wa banja lonse ankayesedwa wosalangidwa, chifukwa wasankhira anthu onse chimene aliyense adayenera kudzisankhira yekha. Pamaliro, pa ukwati, pa chiliza, ngakhale pa Umhlangano wa Amaseko ku Nkolimbo, kumene ng'ombe zimagwa ndipo miphika imatumikira khamu, lamuloli likadalipo osalembedwa. Ngakhale anyamata a chiwaya pa Tsangano Turn-off ndi pa Kampepuza, amene palibe angawatche osunga miyambo, amakazinga tchipisi ndi kanyenya popanda tsabola, n'kuika botolo lake ndi kambale ka mchere pambali, kuti wogula adzithirire monga mwa mphamvu yake. Zolowa mumtondo zasintha m'badwo uliwonse. Malo a tsabola pa chakudya sadasinthe.

Popeza wolemba sayenera kubisala kuseri kwa mbiri, ndinene maganizo anga pa zolowa mumtondomo. Kambuzi akhale wakupsa ndi wouma kunja, wosanyowa ndi madzi otsukira. Mchere ukhale wokwanira, osati wongonunkhiza. Mandimu afinyidwe mowolowa manja kufikira tsabola yense wamira, ndipo pamene mandimu asowa viniga alowe m'malo mopanda manyazi, pakuti ntchito yawo ndi imodzi. Wofuna kuchepetsa ukali asavutike kutola njere imodziimodzi, chifukwa moto weniweni uli m'timinofu toyera tam'kati timene njerezo zimamatirira. Achotse timeneto, ndipo akatha asambe m'manja ndi sopo asanagwire m'maso kapena kunyamula mwana. Adyo ndimam'lola pang'ono pa kapiripiri, koma pa kambuzi amaphimba fungo limene tidam'gulira. Ndipo apa pali chenjezo loposa nkhani ya kukoma: adyo kapena tsabola wamuwisi womizidwa m'mafuta okhaokha, popanda chowawasa, n'kusiyidwa pamalo otentha, angathe kubala poizoni woopsa wa botulism, amene saoneka ndi maso ndipo kawirikawiri samveka fungo, choncho wokonda mafuta akazinge bwino, athire mandimu kapena viniga, akonze wochepa woti athe msanga. Woyanika tsabola ayanike pathandala kapena pamphasa, osati padothi, ndipo wochita chuku atayidwe. Matimati ndimawakana m'botolo losunga, chifukwa madzi ake amafulumizitsa kuola, ngakhale kuti m'tsabola wodya tsiku lomwelo alibe mlandu. Shuga yekha ndiye sindim'pezera chifukwa chilichonse. Apite ku tiyi.

Chimene chikundidetsa nkhawa koposa viniga ndi mbewu. Tsabola wa mitundu yosiyana akabzalidwa moyandikana, njuchi zimasakaniza ufa wa maluwa, ndipo mbewu yotengedwa pamenepo ingabale zipatso zooneka ngati kambuzi koma zopanda fungo lake. Ogula pa Lizulu ena amayamba anunkhiza asanatulutse ndalama. Inu alimi a m'madimba a Ntcheu, patulani mitengo ya kambuzi yonunkhira koposa, muibzale patali ndi tsabola wina, musunge njere zake m'chikwatu kapena m'botolo louma, ndipo mugawireko anansi anu mvula isanagwe.